Ulusi Wobiriwira wa Akolala

Achemwali anga akadali pa ntchito paja. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa aliyense amene wamva kuti pa shopu yosoka ija anthu anatha amafunsa za iwo, ndipo ndikayankha kuti akadalipo amati, "Koma ndiye ndi munthu wokhulupirika." Mawu amenewo amandinyansa. Bwana wa pa shopupo nayenso amawanena pamaso pa makasitomala, kwinaku akuwaloza achemwaliwo ndi makiyi ngati akuloza mbuzi imene akufuna kugulitsa.

Dzina lawo la pa ntchito ndi Akolala. Analowa m'chipinda chosokera chija asanakwatiwe, ndipo lero mutu uli ndi imvi. Telala wabodza amagwidwira pa kolala, chifukwa nsonga ziwiri zija ziyenera kufanana ndipo isamatukuke ngati khutu la galu. Kolala ya achemwali inkagona pakhosi ngati munthu anabadwa nayo. Ine ndinalowa pambuyo, iwo atandipemphera malo, koma makina anandikana. Anandipatsa tebulo lositira pafupi ndi chitseko cha ofesi, ndipo anzanga ankanditcha Nasimbi. Ndikapsa mtima ankachenjezana kuti simbi yatentha, musayandikire.

Makina a achemwali ali pakona, moyang'anizana ndi chitseko chakuseri. Kuseri kwa chitsekocho kuli kabwalo, kenako zipinda ziwiri za shopu yomweyo, momwe iwo amakhala ndi amuna awo. Alamu angawo anagwa padenga akukhoma malata, miyendo n'kufa. Satha kudzitembenuza okha, ndipo munthu wotere akagonera mbali imodzi nthawi yaitali amatuluka zilonda zonunkha zosapola msanga. Ndiye achemwali ankati akasoka pang'ono, amadzuka, kutulukira pa chitseko chija, kukawatembenuza, kuwamwetsa madzi, n'kubwerera pa makina. Moyo wawo wonse unali pa chitseko chimenecho, ntchito mbali ino, mwamuna mbali inayo. Popanda icho umayenera kutulukira kumaso n'kuzungulira mzere wonse wa masitolo, ndipo ulendo wotero suupanga bwana osakuona.

Amene anawapatsa zipindazo ndi mwini shopu, amene tinkawatcha Atepi chifukwa tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo. Ena ankati amasamba nayo. Sanali mngelo ayi. Ukadula nsalu mowononga ankakukalipira mpaka makutu kulira, ndipo tiyi amene ankatipatsa anali madzi otentha ongosintha mtundu. Koma tsiku limene alamu anatuluka m'chipatala, Atepi anatenga sikuludiraiva n'kuchotsa loko wa chitseko chakuseri ndi manja awo. Anati, "Mayi, muzipita mukafuna. Musamandipemphe."

Atepi anali ndi kachitidwe kawo kamene sindinakaoneko kwina. Telala aliyense anali ndi mtundu wake wa ulusi, ndipo akamaliza chovala ankasoka pamanja kamtanda kakang'ono mkati mwa mpendero, pamene wovala sangaone. Achemwali anali ndi wobiriwira. Atepi eni ake anali ndi wakuda. Mtsikana wina amene tinkamutcha Wayilesi, chifukwa pakamwa pake panalibe batani lozimitsira, anali ndi wofiira. Chovala chikabwerera chili cholakwika, Atepi ankatembenuza mpendero mwakabisira, n'kuuza kasitomala kuti, "Talakwitsa ndife, pepani, tikonza." Dzina la munthu silinkatuluka pakauntala. Kenako ankakoka mpando, kukhala pambali pa mwini ulusiwo, n'kumamasula naye msoko uku akudandaula. Chikabwerera cha ulusi wakuda ankachipachika pamsomali tsiku lonse kuti tiwaseke, ndipo tinkawasekadi osawamvera chisoni. Koma kasitomala akabwera kudzayamikira, Atepi ankafuula, "Wobiriwira, tulukani kuno, akukufunani!" Achemwali ankatuluka akuchita manyazi ngati mkwatibwi, akupukuta manja pa epuloni.

N'chifukwa chake anthu ankakalambira m'chipinda chimenecho. Panali mashopu ena amene ankawanyengerera, koma ankakana. Ukagwetsa batani, mnzako ankalitola. Singano ikathyoka unkanena osaopa. Wayilesi ankayambitsa nyimbo, ena n'kumavomera, makina akulira pansi pake. Achemwali kamtanda kawo ankakasoka komaliza, mosathamanga, kenako n'kukasisita ndi chala chachikulu asanandiponyere chovalacho. Ngakhale tizovala ta ana anga timene ankasoka kunyumba tinkakhala nako.

Maso a Atepi atayamba kuchita khungu, ana awo anawatenga kukakhala nawo kutali, ndipo shopu anaisiya m'manja mwa mkamwini wawo. Anzanga ankati Amakiyi. Ine ndingoti Makiyi, ulemu ndinamulanda kalekale. Anabwera ndi nsapato zosongoka ndi pakamwa potsekemera, ndipo tsiku loyamba anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti ndife banja limodzi. Banjalo linayamba ndi maloko. Anakhoma kabati ya ulusi, anakhoma bokosi la mabatani, anakhoma chimbudzi, ndipo makiyi onse anawamangirira pa lamba kuti tizimva akubwera. Munthu wamkulu ndi ana ako unkaima pakhomo pa ofesi kupempha kiyi wa kuchimbudzi, iye n'kuyang'ana wotchi. Chitseko chakuseri chokha anachisiya, koma ankaonetsetsa kuti achemwali asaiwale. Akadutsa ankachigogoda ndi kiyi n'kunena kuti, "Ichi ndachisiya chifukwa cha inu, Akolala." Achemwali ankati zikomo bwana.

Za timitanda tija anazikonda kwambiri atazimva, koma anazitembenuza. Chovala chikabwerera, ankaitana mwini ulusi kuti akaime pakauntala, kasitomala amutukwane maso ndi maso, iye ali pambali akupukusa mutu ngati wachisoni. Kasitomala akayamikira, mpendero sunkatembenuzidwa. Ankangoti, "Ndimaonetsetsa ndekha." Munthu amene sankatha n'kulowetsa komwe ulusi pa singano!

Wayilesi ndiye sanamulekerere. Panthawiyi anali ndi pakati, ndipo mayi wapakati ndi chimbudzi mukudziwa mmene zimakhalira. Tsiku lina ataima pakhomo pa ofesi nthawi yaitali, Makiyi ali pa foni akuseka, anangofuula kuti, "Bwana, mundipatsa kiyi kapena ndithire pompano, mukolope nokha?" Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Makiyi anamuponyera kiyiyo pansi, naye n'kuseka pang'ono, koma ine amene ndinali pafupi ndinaona kuti maso ake sanaseke. Patangopita masiku, Wayilesi anakamuuza kuti adzafuna tchuthi cha uchembere, ndipo iye anangoti tiona.

Kenako kunabwera ntchito yaikulu ya maovolosi a kampani ina yomanga. Inali yoposa mphamvu zathu, ndipo achemwali monga wamkulu wa chipinda anamuuza zimenezo. Iye anati musadandaule. Theka la nsalu linasowa m'kabati, ndipo patapita nthawi galimoto inabweretsa mitolo ya maovolosi osokedwa kale kuti ndingosita. Kumene anakasoketsa sindikudziwa mpaka lero. Wosita amatembenuza mpendero uliwonse, ndi ntchito yake, ndipo m'mitolo imeneyo munalibe kamtanda ngakhale kamodzi. Misoko yake inali yotalikirana moti chala chinkalowa. Ndinakamuuza. Anati, "Nasimbi, ntchito yako ndi simbi."

Maovolosi aja sanachedwe kubwerera. Amuna akangowerama kunyamula thumba la simenti, ankang'ambika pakati pa miyendo mpaka kumsana. Kapitawo wa kampaniyo anaimba foni akulusa, nati abwera yekha m'mawa mwake kudzaona amene anachita zimenezo. Madzulo amenewo tikuweruka, Makiyi anauza achemwali kuti atsalire pang'ono. Sindinaganize kanthu, ndinathamangira ana anga kunyumba.

M'mawa kapitawo anafika ndi mtolo n'kuukhuthula pakauntala. Makiyi anatiitana tonse kuti tiime pamenepo. Anayamba ndi mawu ake aja, akuti pa shopu pano sitibisa kanthu, chovala chilichonse chili ndi mwini wake. Anatola ovolosi imodzi, kutembenuza mpendero, ndipo munali kamtanda kofiira. Anatola ina, kofiira. Inanso, kofiira.

Wayilesi anayang'ana kamtanda kofiira kaja. Kenako anati, "Ine izi sindinasoke. Bwana, mukudziwa kuti sindinasoke."

"Ulusi wofiira ndi wa ndani?" anafunsa Makiyi, mofatsa ngati m'busa.

Wayilesi anatembenukira kwa achemwali, dzanja lili pamimba. "Akolala, inu ndi amene munandiphunzitsa. Msoko wanga mumaudziwa. Tanenani, ndasoka ine izi?"

Achemwali anayang'ana pansi. Kenako anati, "Ulusiwo ndi wofiira."

Ndinalanda ovolosi imodzi pakauntala ndi kuyang'ana ndekha. Timitanda ta Wayilesi ndinkatidziwa, tinali tophotchoka ngati mwini wake, chifukwa ankatisoka akulongolola. Aka kanali kowongoka, mikono yake yofanana, mfundo yobisika bwino, ndipo pamwamba pake panali posalala ngati pasisitidwa ndi chala. Ndakhala ndikusita timitanda totero zaka zonse zimene ndagwira simbi, kungoti tinali tobiriwira. Ndinayang'ana achemwali, iwo osandiyang'ana. Ndinakuwa kuti maovolosi amenewa anabwera pa galimoto opanda chizindikiro, koma Makiyi anangomwetulira kwa kapitawo uja n'kunena kuti awa ndi amzake, amabisirana. Kapitawo sankafuna mlandu, ankafuna munthu woti amuloze chala, ndipo anamupeza. Wayilesi anauzidwa kuti atenge chikwama chake. Anatuluka osalira, ali ndi sizasi yake m'manja, ndipo achemwali anabwerera pa makina n'kuyamba kupalasa.

Masana atatulukira pa chitseko chakuseri ndinawatsatira. Ndinawadikira pa chingwe choyanikira mpaka atamaliza kuwatembenuza alamu, kuti odwalawo asamve.

"Achemwali, mwasoka ndinu."

"Tsitsa mawu."

"Sinditsitsa! Mwana uja ali ndi pakati. Munamuphunzitsa nokha kugwira singano. Akolala enieni, kukhala pansi kumasokera mnzanu bodza, n'kulisisita ndi chala!"

Anatenga nsalu ya alamu imene anali atachapa n'kuyamba kuifinya. "Dzulo bwana anandiitana mu ofesi," anatero. "Pa tebulo panali ulusi wofiira ndi loko watsopano, akadali m'pepala lake. Sanandikalipire ayi. Anati pali mlonda amene akufuna zipinda izi, ndipo chitseko ichi chikulowetsa akuba. Kenako anati ndisankhe chimene ndinyamule pa tebulopo, chotsalacho agwiritsa ntchito iye."

"Mukanamulavulira kumaso."

"Ndiwatengere kuti alamu ako? Kwanu kuja, chipinda chimodzi ndi ana anayi? Uwanyamula pamsana iwe?" Anayanika nsalu ija. "Iwe uli ndi pakamwa, mng'ono wanga. Ine ndili ndi munthu wogona."

Ndinawakwiyira achemwali, sindibisa, ndipo mwina mpaka lero mkwiyowo sunathe. Koma amene ndimamufunira zoipa ndikamagona ndi uja anayang'ana m'chipinda chonse, kusankha munthu amene aliyense ankamukhulupirira, n'kufufuza pamene pamamupweteka. Akanatha kusoketsa timitandato kwa aliyense mumsewu. Anafuna kuti akhale iwo, kuti mawa asadzathe kutsegula pakamwa pa chilichonse.

Ndinabwerera mkati, kuzimitsa simbi, kuvula epuloni ndi kuiponya pa tebulo la Makiyi. Ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano, okhudza iyeyo ndi nsapato zake. Anati ndidzabwera ndikukwawa. Sindinabwerere, ndimasita zovala za anthu pakhonde panga.

Ndinachoka ndine woyamba, koma nkhani inali itamveka kale, chifukwa si ine ndekha amene ndinkadziwa dzanja la achemwali. Bambo wodula nsalu, amene anakana mashopu ena kangapo nthawi ya Atepi, anapita kukadya masana osabwereranso. Amayi awiri apachibale amene ankasoka masiketi a sukulu anatsatira. Sanachoke chifukwa cha malipiro, ena anapita kumene amalandira zochepa. Munthu unkangoganiza kuti lero ndi wofiira, mawa ndi wanga. Otsala anasiya kusoka timitanda, poti ndani angasoke chingwe chodzimangirira yekha? Makiyi analamula kuti timitandato tibwerere, ndipo onse anayamba kusoka ndi ulusi woyera, wina aliyense. Zidutswa za nsalu zinayamba kutuluka m'zikwama. Singano ikathyoka ankaikankhira pansi pa makina a mnzawo. Nyimbo inatha, ndipo amene amabwera tsopano ndi atsikana ongodutsa, amakhala mwezi umodzi kapena iwiri, mayina awo achemwali sawafunsa n'komwe.

Wayilesi anabereka mwana wamkazi. Amasoka pamsika, pansi pa ambulera, mwana ali kumsana. Achemwali atamva, anandiitana n'kundipatsa kadiresi kachikasu kokulungidwa m'pepala, kokhala ndi kakolala kozungulira kokongola kwambiri. Anati ndikapereke koma ndisakanene kumene kachokera. Ndinawauza kuti zimenezo ndi zamasewera, koma ndinapita nako.

Wayilesi anakatambasula, kuyang'ana kolala, ndipo pomwepo anadziwa. Kenako anachita zimene tonse a m'chipinda chija timachita osaganiza, anatembenuza mpendero. Munalibe kanthu. Anazungulira mpendero wonse ndi chala, ine ndikuyang'ana nawo, ndipo ndi pamene ndinadziwa kuti achemwali asiya ngakhale pa zosoka zawo zakunyumba.

"Bwanji sanaike wofiira?" anatero Wayilesi. "Si amautha?"

"Iwe, nawonso anapanikizidwa."

"Ndikudziwa, Nasimbi. Za loko ndinamva. Akanabwera usiku womwewo kudzandiuza kuti mwana wanga, mawa ndikupereka, konzeka, mwina ndikanamva. Koma anandisiya ndiwafunse pamaso pa anthu." Anakapinda bwinobwino, kukabwezera m'pepala lake. "Kawabwezere. Wanga avala zokhota za amake."

Ndinapita nako ku shopu masana, ndipo aka kanali koyamba kupondamo chichokere. Pakauntala panalibe munthu. Mkati munali atsikana atatu osawadziwa, wina akusewera ndi foni, ndipo makina ambiri anali ovundikiridwa ndi nsalu zafumbi. Achemwali anali pakona pawo. Ndinaika kaphukusi kaja pa makina, iwo anakayang'ana n'kukalowetsa m'kabati.

Anali akumaliza malaya oyera a mwana wa sukulu. Atadula ulusi anawatukula, ndipo ndinaona kuti nsonga imodzi ya kolala inali yaitali kuposa inzake. Si zoti mpaka uyeze ndi tepi, zinkaonekera patali. Iwonso anaona, ndinawaona akuona. Kale akanamasula kolala yonseyo ngakhale kunja kukuda. Anawaponya pa mulu wa zositidwa.

"Achemwali, kolala ija."

"Apita," anatero. "Wovala ndi mwana."

Ndinafuna kulira, ndinafunanso kuwagwedeza mapewa. M'malo mwake ndinati ndikawaone alamu, n'kupita pa chitseko chakuseri. Ndinakankha, osatseguka. Nditayang'ana ndinaona loko wonyezimira, zomangira zake zikadali zatsopano pa thabwa, pamalo pomwe Atepi anachotsa wakale uja.

"Ichi n'chiyani?"

"Akuti nsalu zikusowa," anatero achemwali osatembenuka. "Amanditsegulira akakhalapo."

"Nanga ali kuti?"

Mtsikana wa foni uja ndi amene anayankha, kuti bwana atuluka m'mawa ndipo sananene nthawi yobwera, komanso analamula kuti aliyense asachoke pa makina. Achemwali anatenga malaya ena pa mulu, kuwaika pansi pa singano, koma sanapalase. Maso awo anali pa loko uja.

"Nasimbi," anatero motsitsa mawu, "tazungulira kumaso, ukawatembenuze alamu ako. Agonera kumanzere chiyambire m'mawa."